Linda Madzi Apite: Galimoto Yolimba Papepala ndi Yolimba ku Mitundu

Masiku ano mnyamata akagulitsa fodya ku Kanengo, kapena soya ndi mtedza zikamuyendera bwino, sathamangiranso kwa atsibweni ake kukafunsa za galimoto yoti agule. Amafunsa foni. M'fonimo muli mindandanda yochokera ku America ndi ku Ulaya, yosanja makampani a magalimoto kuyambira wolimba mpaka wofooka. Ndiye mumawamva pa siteji ya Mitundu akukokanakokana: wina akuti Subaru ndiye nambala wani, azungu adayeza, wina akuti bodza, ndi Lexus. Makaniko amene ali chagada kunsi kwa Sienta chapafupi pomwepo sayankhirako. Subaru amaigwira mwa apo ndi apo, Lexus amangoiona ikudutsa.

Ine sindinyoza za m'mabuku. Safunsa adadya phula, ndipo mnyamata amene amayamba wafufuza asanataye ndalama za thukuta lake ndimamupatsa ulemu. Koma akale adatinso kandimverere adakanena za m'maluwa. Ukatuma munthu kuti akakumverere mlandu, akabwerako umamufunsa kuti adakhala pati, adafika nthawi yanji, ndipo adamva mbali ya yani.

Mmodzi mwa akandimverere otchukawa ndi J.D. Power, kampani ya ku America imene idayamba mu 1968. Imafunsa eni magalimoto pawiri. Poyamba imafunsa amene angogula yatsopano, itangotha masiku 90 ili m'manja mwawo. Kenako imafunsa amene galimoto yawo yakwanitsa zaka zitatu. Ikatero imawerenga madandaulo onse n'kuona kuti pa magalimoto 100 alionse pagwa madandaulo angati. Mu 2024, pa magalimoto a zaka zitatu, idafunsa anthu oposa 30,000 ndipo idapeza madandaulo 190 pa magalimoto 100 alionse mukaphatikiza makampani onse. Lexus idali ndi ochepa kuposa onse, 135, Toyota n'kutsatira ndi 147.

Koma masiku 90, abale anga! Chimanga cha makolo chimakhala chisanakhwime n'komwe. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Pa kafukufuku wa masiku 90 ameneyu, mu 2023 idatsogola Dodge, mu 2024 idatsogola Ram. Kafunseni pa Nathenje ngati alipo adasinthapo mabuleki a Ram. Ndipo amene amatsogola pa masiku 90 si nthawi zonse amatsogolanso pa zaka zitatu, ngakhale wofunsa ali yemweyo.

Nanga dandaulo limene amawerengalo n'lotani? Apa m'pamene ndidaseka mdzukulu wanga atandiwerengera. Gawo limene anthu a ku America amadandaula nalo kwambiri ndi la wailesi ndi sikirini ya m'galimoto, makamaka foni ikamakana kulumikizana ndi galimoto kudzera pa Android Auto kapena Apple CarPlay. Amene foni yamukanira kuimba nyimbo walemba dandaulo limodzi. Mnzake amene giyabokosi yamufera panjira walembanso limodzi. Powerenga, awiriwa afanana. Sindikuti kudandaula kwawoko n'kwachibwana, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri ali ndi ufulu wofuna kuti kalikonse kagwire ntchito. Koma kuno Sienta zambiri wailesi yake imalankhula Chijapani mpaka lero, imangogwira nyumba zoulutsira mawu zochepa za kumunsi chifukwa za ku Japan zinkathera pa 90, ndipo mapu ake amaonetsa galimoto ili pakati pa nyanja pamene ili pa Bunda. Sindidamvepo munthu atatsika Sienta chifukwa cha zimenezo.

Kandimverere wina, amene ine ndimamukhulupirirako, ndi Consumer Reports. Ili ndi bungwe lakale, la mu 1936, silandira ndalama za otsatsa malonda, ndipo magalimoto amene limayesa limagula lokha. Chaka ndi chaka limafunsa mamembala ake. Mu 2024 lidamva za magalimoto pafupifupi 300,000. Ilo limasiyanitsa: vuto la injini kapena giyabokosi limalemera kuposa kaphokoso ka pachitseko. Pa mndandanda wake, mu 2020 idatsogola Mazda, mu 2023 Lexus ndi Toyota, mu 2024 Subaru, Lexus ndi Toyota n'kutsatira. Ameneyu ndiye Subaru amakanganirana anyamata pa siteji. Koma mndandanda wotchukawo umayang'ana magalimoto a zaka zitatu zapitazi basi. Bungwe lomweli lili ndi wina wa magalimoto a zaka 5 mpaka 10, umene anyamata sauwerenga kawirikawiri, ndipo pa umenewo mu 2024 patsogolo padali Lexus, Toyota ndi Mazda.

Tinene chilungamo pamenepa. Mboni ziwiri zimene sizidaonanepo zikanena chimodzimodzi, mfumu imatchera khutu. Mayi wa ku Ohio amene amayenda pa phula losalala ndi dalaivala wa kwa Chiseka amene amasambira m'matope onse akuloza Toyota. Choncho mindandandayi si yabodza. Kungoti tizikumbukira kuti J.D. Power ndi bizinesi: zimene yapeza imagulitsa kwa makampani a magalimoto omwewo, ndipo wopambana amalipira kuti aike dzina la J.D. Power pa malonda ake. Ng'oma ikamalira kwambiri, funsa amene wagula chikopa.

Chachikulu n'chakuti magalimoto amene amadyetsa mabanja kuno m'mindandandamo mulibe. Sienta, Probox, Passo, Mira, Noah, Hiace, zonsezi ku America sazigulitsa. Hilux adasiya kuigulitsa kumeneko mu 1995, m'malo mwake mudalowa Tacoma. Land Cruiser yamakona ija imene zipatala zambiri zimanyamulira odwala, imene idayamba kupangidwa mu 1984, nayonso kulibe. Mnyamata akamawerenga kuti Toyota yakhoza, akuwerenga za Camry yopangidwa ku Kentucky, ya mwini mmodzi, yogona m'garaja yotseka, yosinthidwa oyilo tsiku lake likakwana.

Yathu imabwera njira ina. Ku Japan galimoto yapabanja imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezako, kumene amakutcha shaken, kumadya ndalama zambiri mukaphatikiza misonkho ndi inshulansi. Ambiri amaona kuti bola kuigulitsa n'kugula ina. Ikatero imapita pa okushoni, amaigula makampani monga SBT kapena BE FORWARD, imene dzina lake lidakhala zaka zingapo pa malaya a timu ya Wanderers, n'kuikweza sitima. Imatsika pa Dar es Salaam, n'kuyamba ulendo wa makilomita oposa 1,500 kudzera ku Mbeya, pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, mpaka ku Lilongwe. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe idalengeza mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto akale 14 miliyoni, ndipo gawo lalikulu kuposa onse lidabwera ku Africa. Kenya imakana galimoto yopitirira zaka 8. Ife timalandira, MRA imangokweza msonkho molingana ndi ukalamba wa galimoto ndi kukula kwa injini. Ndiye kuti pamene wofunsa mafunso wa kunja watseka buku lake kalekale, m'pamene galimotoyo imayamba ntchito yeniyeni kuno.

Ntchito yake muione nokha. Probox, imene idayamba kupangidwa mu 2002, ndi galimoto yopanda nkhope, koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iyi nyimbo imaidziwa. Oipanga adalemba kuti izinyamula makilogalamu 400, ndiye kuti matumba asanu ndi atatu a chimanga. Sienta adaipatsa mipando isanu ndi iwiri. Imani pa Nathenje tsiku la msika muwerenge. Kutsogolo akhala atatu, mmodzi akugawana mpando ndi dalaivala, giya ili pakati pa miyendo yake. Pakati apanikizana anayi ndi mwana pamiyendo. Kumbuyo kuli matumba a mtedza, pamwamba pake dengu la tomato ndi mbuzi yomanga miyendo, chitseko chakumbuyo chakana kutsekeka ndiye achikoka ndi malegeni. Matayala akumbuyo alowa m'thupi la galimoto. Ikangosiya phula la M1 kapena la ku Bunda n'kulowa m'midzi ya kwa Chadza kapena cha ku Dzalanyama, m'chilimwe imakumana ndi makwinya a msewu ogwedeza mano ndi fumbi lotseka fyuluta, m'dzinja matope a katondo ndi ngalande zimene madzi ndi ngolo zakumba. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba, ndipo ameneyo alibe mlandu waukulu. Mlandu uli pa mafuta a m'zigubu amene timagula kwa mavenda mafuta akasowa, osadziwa kuti mwalowa palafini kapena madzi. Mu rediyeta timathira madzi a pamjigo. Ndipo woyendetsa nthawi zambiri si mwini wake. Ndi mnyamata waganyu amene madzulo ayenera kupereka tageti, yotsala ndiyo yake. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka.

Palibe pepala la mafunso limene lili ndi malo olembapo zimenezi. Wakunja amafunsa kuti galimoto iyi imafa kangati. Mlimi wa kwa Chadza amafunsa kuti ikafa, idzuka liti.

Pa Nathenje pali garaja ina yapansi pa mtengo imene ndimakonda kukhalapo ndikamadikira minibasi. Tsiku lina idafika Sienta ikulira modandaula, mwini wake nkhope ili gwaa, akuti injini yatha. Makaniko sadamuyankhe. Adatenga chitsulo chachitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, mbali inayo n'kuika pakhutu, akusuntha pang'onopang'ono. Adasolola koyezera oyilo, kupaka pachala, kununkhiza. Kenako adati, “Bwana, injini ilibe mlandu. Ndi pampu ya madzi iyi, beringi yake yadyeka.” Adaimasula, kuikulunga m'jumbo, n'kupatsa mnyamata wake wophunzira ntchito kuti akwere nayo minibasi kupita ku Biwi, akaisowa kumeneko akayese kwa Malangalanga. Mnyamatayo atafika adaimba foni kunena mitengo itatu: ya orijino, yochotsa pa galimoto ina, ndi yotchipa imene wogulitsa yemwe adamuuza kuti asaidalire. Mwini wake adasankha yapakatiyo. Dzuwa lisanalowe, Sienta idali pa siteji ikuitanira anthu.

Kuseri kwa mtengo womwewo kuli galimoto ina ya ku Ulaya, yokongola, mipando yachikopa. Chidafa ndi kabokosi kakang'ono ka magetsi kolamulira injini. Ku Biwi kulibe. Akuti kakuyenera kuchokera ku Johannesburg, ndipo kakabwera pafunikanso wa kompyuta woti akalankhulitse ndi galimotoyo. Matayala adaphwa, nkhuku zikuikira kunsi kwake. Mukawerenga monga amawerengera akunja, imeneyi idafa kamodzi kokha, pamene Sienta ija yafa kambirimbiri, ndiye mphoto ikadapita kwa ya ku Ulayayo. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chakudza sichiimba ng'oma: mayi akayamba kudwala pakati pa usiku, ofunika kuthamangira naye ku chipatala cha Mitundu kapena ku Nkhoma, mudzi umagogoda pakhomo la amene galimoto yake ilira usiku womwewo.

Tsono taonani mmene zimazungulirira. Toyota zachuluka, choncho ogulitsa masipeya amaitanitsa za Toyota. Masipeya ali ponseponse, choncho amakaniko amaphunzirira pa Toyota. Amakaniko akuidziwa, choncho wogula watsopano amauzidwa kuti gula Toyota. Injini imodzi ya 1NZ ili mu Sienta, mu Probox, mu Corolla ndi zina, ndiye imodzi ikagwa pangozi imadyetsa zinzake zambiri. Kulimba kumene timakutamaku theka ndi kwa chitsulo cha ku Japan, theka ndi kwa mashelefu a ku Biwi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kumeneku kudakula, chifukwa sipeya yoitanitsa mwapadera imafuna ndalama zakunja zimene ngakhale mabanki amazisowa. Ndipo tsiku lofuna kugulitsa, galimoto yosowa masipeya imakhala tambala wovumbwa, alibe malonda, ngakhale injini yake ikulira bwinobwino.

Koma bwalo lathuli nalo limakondera, ndipo apa anzanga a pa siteji andikhululukire. Mumva munthu akuti Nissan ndi yofooka, Nissan usagule. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Nissan yake iti? Kabaki ka Nissan 1400, kamene ku South Africa adakapanga mpaka 2008, kadanyamula fodya ndi anthu zaka zosawerengeka. Caravan za injini ya TD27 zidatumikira ngati maminibasi mpaka thupi kutha injini ikadali moyo. Njuchi imene idaluma anthu ndi giyabokosi ya lamba, imene amati CVT, ya m'magalimoto ang'onoang'ono. Kulumako kudalidi koona, moti ku America komweko mu 2009 Nissan idawonjezera chitsimikizo cha giyabokosi imeneyi kufika zaka 10 anthu atadandaula. Koma ambiri sadziwa kuti Sienta yokoka ndi matayala akutsogolo nayonso ili ndi CVT, ndipo Probox idailandira mu 2014. Giyabokosi imeneyi imafuna oyilo wakewake. Ukathira wa otomatiki wamba chifukwa ndiye wotchipa, n'kusenzetsa galimoto matumba khumi pamtunda, lamba amaterereka mpaka kutha, dzina la pabonati likhale lililonse. Tsono tamverani mmene timaweruzira. Ikafa Toyota timati dalaivala ndiye wosasamala. Ikafa Nissan timati paja ndi Nissan. Komanso timawerenga zoyenda zokha. Toyota zimene zidafa sitiziona chifukwa zidaphwasulidwa sabata yomweyo, pamene ya mtundu wosowa imakhala pamiyala zaka ndi zaka, aliyense wodutsa n'kumailoza.

Dzina la kampani lili ngati mfunda. Ankhoswe akamva kuti mnyamata ndi Phiri kapena Banda adziwa kumene akuchokera, koma sanadziwe ngati amadzuka kupita kumunda. Ife amene tidakula tikuona Land Rover ya a DC, ya apolisi ndi ya amishoni ikuoloka mitsinje yopanda milatho timadabwa kumva kuti pa kafukufuku wa J.D. Power wa zaka zitatu, Land Rover idali kumapeto kwenikweni mu 2021, mu 2022 ndi mu 2023. Onse akunena zoona. Yathu ija idali chitsulo ndi mabawuti, yokonzeka ndi sipanala ndi waya. Ya lero ndi nyumba ya makompyuta, dzina lokha ndiye lofanana. Peugeot 404 ndi 504 zidali mafumu a misewu yafumbi mu Africa muno, lero amene angakulangizeni Peugeot pa Mitundu ndani? Toyota nayo ili ndi ana opulukira. Amakaniko athu amadziwa kuti injini za D-4, zimene zili mu Noah ndi Voxy zoyamba zija, sizigwirizana ndi mafuta akuda. Mu 2024 Toyota idaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 a Tundra ndi Lexus LX ku America chifukwa mu injini mudatsalira tizitsulo popanga. Mu Disembala 2023 Daihatsu, kampani ya Toyota imene imapanga Mira komanso Probox yomweyi, idaimitsa kutumiza magalimoto ake onse zitaululika kuti kwa zaka zambiri inkachita chinyengo poyeza chitetezo, ndipo mitundu 64 ya magalimoto idakhudzidwa. Ndiye wofuna kugula asalekere pa mfunda. Afunse dzina la injini, mtundu wa giyabokosi, chaka, ndi pepala la ku okushoni, poti chilembo R pamenepo chimatanthauza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita olembedwa pa dashibodi asawakhulupirire kwambiri. Alipo akatswiri owabweza m'mbuyo.

Ndipatukeko pang'ono. Pali kulimba kwina kumene ife sitikufunsa n'komwe. Nissan Hardbody timaitama, ndipo pa ntchito ndi yolimbadi. Koma mu 2018 bungwe la Global NCAP pamodzi ndi AA ya ku South Africa adaigunditsa dala pa liwiro la makilomita 64 pa ola, ndipo pa kuteteza akuluakulu okhala m'kati sidapate nyenyezi ngakhale imodzi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Izi makaniko wapansi pa mtengo sangazimve ndi chitsulo chake chapakhutu, ndipo pamsewu wa M1, pamene malole ndi maminibasi amapikisana kutsika ku Nanjiri, si nkhani yaing'ono. Apa pokha akunja amaona chimene ife sitingaone.

Pa akandimverere onse, amene ndimasirira ndi a ku Germany, chifukwa iwo safunsa mwini galimoto mmene akumvera. Kumeneko galimoto imakayezedwa mokakamiza, ndipo bungwe la TÜV limasonkhanitsa zotsatira za kuyezako, magalimoto pafupifupi 10 miliyoni pachaka, n'kusanja mtundu uliwonse molingana ndi zaka zake, mpaka yopitirira zaka khumi. Pamenepo palibe za foni yokana kuimba. Akuona mabuleki, magetsi, dzimbiri, oyilo wodontha. Pa lipoti limene lidatuluka kumapeto kwa 2024, pa magalimoto a zaka ziwiri kapena zitatu idatsogola Honda Jazz, imene kuno timaidziwa kuti Fit. Bungwe lina la komweko, ADAC, limene limathandiza ofera panjira, limapeza chaka ndi chaka kuti pa magalimoto 100 oferatu pamsewu, oposa 40 vuto limakhala batire chabe. Ku Britain nakonso zotsatira za kuyeza kwawo kwa MOT zidayamba kuululidwa kwa anthu mu 2010.

Nanga ife? Galimoto iliyonse m'dziko muno imayenera kukhala ndi COF, ndipo a Road Traffic amasunga zonse pa kompyuta: mtundu, chaka, tsiku loyezedwa. Bwenzi atatiuza chaka chilichonse kuti pa Sienta zonse zimene zidabwera kudzayezedwa, zingati zidalephera ndipo zidalephera pati, chimodzimodzi Freed, Note, Demio, Bongo, Vanette. Umenewo ukadakhala mndandanda wathuwathu, wa magalimoto okalamba oyenda m'misewu yathu. Koma konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Malinga ngati eni magalimoto akubwerekana matayala abwino tsiku lokayezetsa, n'kukabweza madzulo, zolembedwazo zidzanena za matayala a mnansi.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi magalimoto ophatikiza petulo ndi batire, amene amati hybrid. Mu 2023 Consumer Reports idapeza kuti amenewa amavuta mochepa ndi 26 peresenti poyerekeza ndi a petulo yekha, pamene a magetsi okhaokha amavuta mochuluka ndi 79 peresenti. Kwa munthu amene wagonapo pamzere wa mafuta, Aqua kapena Fit yomwa pang'ono ndi nkhani yokoma, ndipo sindingamuletse. Koma walira mvula walira matope. Zimene adayeza kunjako ndi za batire yatsopano. Imene imatsika pa Songwe yatha zaka khumi, ndipo mu Aqua batireyo ili kunsi kwa mpando wakumbuyo, imazizira ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto momwemo, mpweya wa fumbi la kwa Chadza ndi mankhusu a mtedza. Kafaniko kakatsekeka batire imatentha n'kufooka, ndipo mtengo wa ina umadya phindu lonse la mafuta amene udapulumutsa. Galimoto yotere siimvedwa ndi chitsulo pakhutu. Imafuna kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero kuti inene pamene pakupweteka.

Ndipo kusankha kwathu n'kochepa, poti chimene Mjapani akugula lero ndicho tidzagule ife mawa. Sienta ya hybrid idatuluka mu 2015, Probox ya hybrid mu 2018. Zikamakalamba, eni ake ku Osaka ndi ku Nagoya azizitula pa okushoni, ndipo zizitsika pa Dar es Salaam monga zidatsikira zinzake, pamene za injini ya 1NZ yopanda batire zizicheperachepera. Mnyamata wophunzira ntchito pa Nathenje uja adandiuza kuti, “Agogo, kamakinako ndikusungira ndalama, ndigula.” Ndidamufunsa ngati akudziwa za mawaya a mtundu wa lalanje amene ali m'magalimoto amenewa, onyamula magetsi oposa mavoti 100, okhoza kupha munthu wowagwira mosadziwa. Adati adamvapo, koma woti amuphunzitse kuwamasula sanamupeze, ndipo abwana ake adanena kale kuti galimoto yotero ikabwera aziitumiza ku tauni.